Dongo, Chitsulo ndi Mwala: Mbiri ya Phunziro la Nthaka ku Mpingu

Munthu wochoka mumzinda wa Lilongwe kulowera kumadzulo pa msewu wa ku Mchinji, akapitirira Chitedze amafika pa Mpingu, ndipo akapitiriza ulendo wake amadzera pa Msundwe ndi pa Namitete. M'njira monsemo maso ake amaona chinthu chimodzi chosasintha, ndicho dothi lofiira lotchedwa katondo. Dothi limeneli lili m'minda ya chimanga, fodya ndi mtedza. Lili m'zipupa za nyumba ndi m'mauvuni a njerwa oimikidwa m'mbali mwa msewu. Liliponso kumapazi kwa ana amene amalawirira kusukulu m'mawa. Koma kawirikawiri mwana akafika pakhomo la kalasi amasasa fumbilo, nalowa, nakhala pansi, ndipo phunziro la miyala ndi dothi amalikopera pa bolodi monga ngati likunena za dziko lina lakutali. Mbiri ya dera lino isonyeza kuti phunziro limeneli ndi lakale koposa sukulu, kuti linali ndi aphunzitsi ake odziwa, ndi kuti m'masiku ano kulinyozera kungathe kusandutsa ana alendo pa nthaka ya makolo awo.

Nthaka ya chidikha cha Lilongwe

Chidikha cha Lilongwe chili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Pansi pake pagona thanthwe lakale kwambiri, la zaka zoposa 500 miliyoni, limene limaonekera poyera m'mapiri a Dzalanyama ndi m'timapiri tina tomwazikana m'chidikhamo. Kwa nthawi yaitali mvula, kutentha kwa dzuwa ndi mizu ya zomera zakhala zikunyenya thanthwelo pang'onopang'ono, kotero kuti m'malo ambiri wokumba chitsime amatsika mamita angapo asanagunde mwala wolimba. Kufiira kwa katondo kumachokera ku chitsulo chimene chili m'dothimo, chimene chinachita dzimbiri monga lichitira khasu losiyidwa pamvula. Kumadambo kuli makande, dothi lakuda lomata m'dzinja ndi long'ambika m'chilimwe. M'mitsinje ya Lilongwe, Likuni, Namitete ndi Bua muli mchenga wokokoloka kuchokera kumtunda. Pena ndi pena mlimi amagunda lubwe, miyala yofiirira yolimba imene inaundana pamene chitsulo cha m'nthaka chinasonkhana pamalo amodzi. Palinso zulu, zimene chiswe chimamanga ndi dothi losalala lotengedwa pansi. Maina onsewa si a m'mabuku. Anawapereka ndi anthu amene anagwira dothilo ndi manja, nalisiyanitsa molingana ndi ntchito yake.

Khasu la pa Kaphirintiwa

Kummwera chakumadzulo kwa Mpingu, m'mapiri a Dzalanyama, kuli Kaphirintiwa, kumene nthano ya Achewa imati anthu oyamba anatsikira. Nthanoyo imati Chauta anagwetsa mvula, ndipo mwamuna ndi mkazi anatsika pamodzi ndi nyama, ataponda pa thanthwe limene linali likadali lofewa, kotero kuti mapazi awo anadindika pomwepo. Imatinso anthuwo anadza ndi khasu, lichero ndi mtondo. Kufupi ndi komweko kunali kachisi wa mvula wa ku Msinja, wosungidwa ndi Makewana, amene Samuel Josia Ntara anasimba za iye m'buku lake la Mbiri ya Achewa. Wophunzira mbiri ayenera kuona kuti m'nthano imeneyi, pa zipangizo zitatu zimene munthu anayamba nazo moyo, chimodzi ndi cha chitsulo. Achewa sanathe kuganiza za munthu wopanda khasu, ndipo khasu silikanakhalapo popanda anthu odziwa mwala umene uli ndi chitsulo.

Komabe ofukula zakale apeza kuti Achewa asanafike, ndiponso chitsulo chisanadziwike, m'dziko muno munali alenje aja otchedwa Akafula kapena Abatwa. Iwo ankaswa nsangalabwi yoyera napangira timipeni ndi nsonga za mivi, pakuti mwala umenewu ukasweka umasiya m'mbali mwakuthwa. Ankaperanso miyala yofiira ya chitsulo kuti apeze utoto wojambulira m'mapanga. Zojambula zawo zofiira zikuonekabe m'mapiri a Chongoni ku Dedza, pamodzi ndi zojambula zoyera zimene Achewa anajambula ndi dongo loyera pa miyambo ya chinamwali ndi ya Nyau. Mu 1972 J. Desmond Clark anafukula phanga la Chencherere m'dera lomwelo napezamo zipangizo zambiri zamwala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malo 127 a zojambula za ku Chongoni m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Motero mwala ndiwo unali chipangizo choyamba, ndipo dothi lamtundumtundu ndilo linali inki yoyamba ya dziko lino.

Sukulu ya amayi oumba

Alimi odziwa kuumba mbiya ndi kusungunula chitsulo anafika m'dziko muno cha m'ma 200 kapena 300 A.D. Mbiya zawo zimatchedwa za Nkope, chifukwa mapale ake anayamba kufufuzidwa bwino pa Nkope, m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, ndi K. R. Robinson m'zaka za m'ma 1960. Patapita zaka mazana ambiri kunabwera kaumbidwe kena kotchedwa ka Mawudzu, kamene ofukula amakagwirizanitsa ndi Amaravi. Pa Mankhamba, likulu la Kalonga kufupi ndi Mtakataka, Yusuf Juwayeyi anafukula mapale ochuluka pamodzi ndi zitsulo, mkuwa, mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Phale siliwola monga uwolera mtengo kapena nsalu, ndipo chifukwa cha ichi mbiri yakale ya dziko lino imawerengedwa makamaka pa ntchito ya manja a amayi.

Pakuti kuumba kunali ntchito ya amayi, ndipo kunali ndi maphunziro ake olongosoka. Mtsikana ankatsagana ndi amake kapena agogo ake ku mtapo, kumene kunali m'mbali mwa dambo, m'gombe la mtsinje kapena patsinde pa chulu. Kumeneko ankaphunzira kuti si dothi lililonse limene lili dongo: ankalinyowetsa, nalipota m'manja, naona ngati likupindika osaduka. Kunyumba ankachotsamo timiyala ndi mizu, nalisinja, nalikanya. Likakhala lonona kwambiri ankathiramo mchenga kapena mapale osinja kuti chiwiya chisang'ambike pouma. Mbiya youmbidwa inkaumitsidwa pamthunzi kwa masiku angapo isanaotchedwe, chifukwa dongo lotchedwa likadali ndi madzi limaphulika pamene madziwo asanduka nthunzi. Mbiya zina ankazipaka dothi lofiira, ndipo zina ankazikhula ndi mwala wakuda wofewa, wonyezimira, umene lero ukutchedwa graphite. Chiwiya chilichonse chinali ndi dzina ndi ntchito yake: mtsuko wa madzi, mphika wa ndiwo, nkhali ya nsima, mbiya ya mowa. Mtsuko umaziziritsa madzi chifukwa dongo lotcha lili ndi timabowo tosaoneka, ndipo madzi ochepa otulukira kunja akamauma amatenga kutentha kwa m'katimo. Amayiwo sankanena chifukwacho m'mawu a sayansi, koma ankadziwa dongo loyenera mtsuko ndi loyenera moto.

Ana ankayamba maphunzirowa posewera. Atsikana ankaumba timiphika ta kumasanje, ndipo anyamata ankaumba ng'ombe zadongo kubusa. Pambuyo pake ankaphunzira kumata zipupa, kuzira pansi ndi dothi lakuda, kukongoletsa khonde ndi dothi loyera ndi lofiira, ndi kusankha mwala wa mphero woperera mawere ndi mapira. Mwana ankafika pa msinkhu wa ukwati akudziwa nthaka ya mudzi wake monga adziwira abale ake.

Sukulu ya ang'anjo ndi osula

Ntchito ya chitsulo inali ya amuna, ndipo inali yovuta koposa. Amisiri ankakumba lubwe ndi miyala ina ya chitsulo, naiphwanya, nasankha yolemera. Ankamanga ng'anjo ndi dothi la pachulu, yaitali koposa munthu, naika mipope yadongo kunsi kwake yolowetsera mphepo. M'katimo ankasanjikiza makala ndi miyala, nayatsa moto umene unkayaka usana ndi usiku kufikira kutentha kwake kutapitirira madigiri 1,000. Chimene chinkachitika m'ng'anjomo ndi ichi: m'mwala chitsulo chili chogwirana ndi mpweya wa okosijeni, ndipo mpweya wotuluka m'makala oyaka umalanda okosijeniyo, kusiya chitsulo pachokha, pamene dothi ndi mchenga za m'mwalamo zimasungunuka ndi kutsika ngati phala. Phala limenelo likazizira limalimba ngati mwala wakuda wa mabowomabowo, ndipo alimi a m'chigawo chapakati amalitolabe m'minda yawo. Chitsulo chotuluka m'ng'anjo chinkapita kuchipala, kumene osula ankachiwotchanso ndi mvukuto, nachisula kukhala makasu, nkhwangwa, sompho, mikondo, mivi ndi malumo.

Ntchitoyi inali ndi miyambo yolimba. Ng'anjo inkamangidwa kutali ndi mudzi, amisiri ankasala kugona m'nyumba pa masiku a ntchito, ndipo mankhwala ankakwiriridwa pansi pa ng'anjoyo. Mnyamata ankaphunzira kwa zaka zambiri, kuyambira pa kuotcha makala ndi kunyamula miyala, asanaloledwe kudziwa zinsinsi zake. Makasu a Amaravi anatchuka kutali: ankaperekedwa kwa mafumu monga msonkho, ankasinthanitsidwa ndi mchere ndi nsalu, ndipo ankafika m'misika ya Apwitikizi ku Tete ndi ku Sena pa mtsinje wa Zambezi. Ena amati dzina la Maravi lomwe linachokera ku malawi a moto wa ng'anjo zimenezi, ngakhale pali matanthauzo enanso. Chakumapeto kwa 1866 David Livingstone anadutsa m'dziko la Achewa cha ku Dzalanyama ndi ku mtsinje wa Bua, ndipo analemba za ng'anjo zambiri zimene anaziona, za kulira kwa nyundo m'midzi, ndi za nyundo zomwezo, zimene zinali miyala ikuluikulu yomangidwa ndi luzi.

Kuzima kwa ng'anjo

Pasanathe zaka 70 kuchokera pa ulendo wa Livingstone, ng'anjo zonsezo zinali zitazima. Zifukwa zake zinali zingapo. Nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo zinabalalitsa midzi, ndipo anthu ambiri anathawira m'mapiri ndi m'malinga, kumene ntchito yofuna nkhalango ndi mtendere sinkatheka bwino. Kenaka, mu 1891 dziko linalowa m'manja mwa Angerezi, ndipo masitolo anayamba kugulitsa makasu a kunja amene mtengo wake unali wotsika poyerekeza ndi masiku ambiri a ntchito ya ku ng'anjo. M'dera la Lilongwe ndalama zogulira zinthu zoterezi zinachuluka kuyambira mu 1920, pamene A. F. Barron anayamba kulimbikitsa ulimi wa fodya wochiza ndi moto pa Mbabzi, ndipo alimi zikwizikwi a m'midzi anaulandira. Osula nawonso anaona kuti kusula zitsulo zakutha za njinga ndi za galimoto ndi kwapafupi koposa kusungunula mwala. Pofika cha m'ma 1930 kusungunula chitsulo kunali kutatha m'chigawo chapakati.

M'zaka zoyambirira za m'ma 1980 akatswiri awiri, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery, anafunafuna okalamba amene anaonako ntchitoyi ali anyamata, nawapeza kwa Chulu ku Kasungu ndi ku Phoka kumpoto, nawapempha kuti amangenso ng'anjo kuti nzeruzo zilembedwe. David Killick anafufuzanso ng'anjo zakale za ku Kasungu nalongosola kagwiridwe kake ka ntchito. Apa pali phunziro lowawa: luso limene linakhala m'dziko muno zaka zoposa 1,500 linatsala pang'ono kutayika kotheratu m'mibadwo iwiri yokha, chifukwa panalibenso ana olilandira. Kuumba kunapirira koposa, pakuti mphika wadothi ndi mtsuko zikugulitsidwabe m'misika, koma mapoto a aluminiyamu ndi zidebe zapulasitiki zachepetsa oumba m'midzi yambiri.

Nthaka ilowa m'sukulu ya amishoni

Sukulu ya mabuku inafika m'dera lino ndi amishoni. A mpingo wa Dutch Reformed anakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo ansembe a White Fathers anatsegula Likuni mu 1903. Kuchokera m'malo amenewa sukulu zazing'ono zinafalikira m'midzi. M'sukulu zoyambazo nthaka inali pafupi ndithu ndi mwana, pakuti ankaphunzira malembo powalemba ndi chala pa mchenga, kenaka pa sileti, limene nalonso ndi mwala, ndipo ankakhala pa mipando youmbidwa ndi dothi. Amishoni anabweretsanso ntchito yatsopano ya dongo, ndiyo kuumba njerwa m'chikombole ndi kuziotcha mu uvuni, ndipo matchalitchi akale a njerwa zofiira ndiwo mboni yake. Amishoni a ku Nkhoma analimbikira kwambiri ntchito zamanja za m'mudzi, monga kuumba, kuluka ndi kupala matabwa, kotero kuti a bungwe la Phelps-Stokes, pamene anayendera sukulu za Nyasaland mu 1924, anawayamikira pa chimenechi. Zotsatira za ulendo umenewo zinali kukhazikitsidwa kwa Dipatimenti ya Maphunziro mu 1926 ndi kutsegulidwa kwa sukulu ya Jeanes ku Domasi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, kumene aphunzitsi oyendera sukulu ankaphunzira pamodzi ndi akazi awo za ulimi, ukhondo ndi kamangidwe ka nyumba.

Pa nthawi yomweyo Boma linayamba kufufuza nthaka mwa njira yake. Kuyambira mu 1921 Frank Dixey anatsogolera ntchito yofufuza miyala ya dziko lino, najambula mapu ake, nathandiza kukumba zitsime m'madera osowa madzi. Motero panakhala nzeru za mitundu iwiri zosakumana: za m'mudzi, zokhala m'manja ndi m'chinenero cha anthu, ndi za m'maofesi a ku Zomba, zolembedwa m'Chingerezi. Sukulu ikanatha kuzilumikiza, koma sizinatheke kwenikweni. Makolo ambiri ankakayikira maphunziro a ntchito zamanja, poona kuti amapatsidwa kwa ana a anthu akuda pofuna kuti asakwere, pamene ntchito za malipiro abwino zinkafuna Chingerezi ndi masamu. Kukayika kwawoko kunali ndi chifukwa chomveka. Koma chotsatira chake chinali chakuti dongo linayamba kuoneka ngati chinthu cha osaphunzira, ndipo sayansi ngati chinthu cha m'buku.

Njerwa, mchenga ndi mzinda watsopano

Dziko litalandira ufulu mu 1964, nthaka ya kumadzulo kwa Lilongwe inagwira ntchito zazikulu. Mu 1968 inayamba ntchito yotukula minda ya Lilongwe, yothandizidwa ndi World Bank, imene inalambula misewu ya lubwe, kukumba mijigo ndi kuika migula yoteteza nthaka ku madzi. Mawu ofala a masiku amenewo anali akuti chuma chili m'nthaka, ndipo ankanena za ulimi. Mu 1975 likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe, ndipo mu 1980 njanji inafika ku Mchinji, yoyalidwa pa miyala yophwanya. Mzinda wokulawo unafuna njerwa, mchenga ndi miyala yosawerengeka, ndipo midzi yozungulira inakhala mtapo wake. Mabanja ambiri anapeza ndalama pa ntchitoyi, koma panatsala maenje odzaza madzi, magombe a mitsinje ogumuka ndi mitengo yotha, pakuti uvuni umodzi umadya nkhuni zambiri. Chifukwa cha ichi mu 2018 panakhazikitsidwa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za Boma ndi zamalonda, ndi kulimbikitsa njerwa za simenti ndi za dothi lopanikiza. Simenti nayonso ndi mwana wa nthaka: imapangidwa poocha mwala wa laimu pamodzi ndi dongo, monga kunkachitikira ndi mwala wa ku Changalume ku Zomba.

Mu 1994 maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ndipo chiwerengero cha ana m'sukulu chinakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Mabuku ndi zipangizo zinaperewera, ndipo aphunzitsi analimbikitsidwa kutsata njira yotchedwa TALULAR, ndiyo kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi. Chimene umphawi wa zipangizo unakakamiza ndicho chomwe agogo oumba ankachita mwa nzeru: kuika chinthu chenichenicho m'manja mwa mwana.

Chuma china cha pansi pa minda

M'zaka zaposachedwa mawu aja akuti chuma chili m'nthaka alandira tanthauzo lachiwiri. Kumpoto kwa Mpingu, m'dera la Kasiya ndi Nsaru, kampani ya ku Australia yotchedwa Sovereign Metals inapeza mchenga wolemera wotchedwa rutile, pamodzi ndi graphite. Mu 2022 kampaniyo inalengeza kuti dothi lokhala ndi rutile limeneli likukwana matani 1.8 biliyoni, kuti m'magawo 100 alionse a dothilo gawo limodzi ndi rutile, ndi kuti palibe malo ena odziwika pa dziko lapansi okhala ndi rutile wochuluka chotere. Mu 2023 kampani ya Rio Tinto inagula gawo m'kampaniyo. Graphite inapezekanso yambiri ku Malingunde, kummwera chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe. Rutile ndi gwero la titanium, chitsulo chopepuka ndi cholimba chopangira ndege ndi ziwalo zoika m'thupi la munthu, ndiponso la ufa woyera wa mu penti. Graphite, mwala womwe uja amayi ankakhulira mbiya, ndiyo imene imasakanizidwa ndi dongo kupanga mtima wa pensulo, ndipo masiku ano ikufunika kwambiri popanga mabatire.

Chifukwa chimene rutile achulukira pamenepa ndi kunyenyeka komwe kuja kwa thanthwe. Madzi anasungunula ndi kuchotsa zofewa za m'mwala, koma rutile, pokhala wosagonja msanga, anatsalira nachulukana m'dothi lapamwamba. Ichi chitanthauza kuti chumacho chili pafupi, pansi penipeni pa minda, midzi ndi manda. Tsono mafunso amene mabanja a m'derali ayenera kuwayankha ndi aakulu: mtengo wa munda ndi wotani, dothi lapamwamba likachotsedwa lingabwezedwe bwanji kuti libalenso, madzi a zitsime ndi madambo adzatetezedwa motani, ndipo phindu lidzagawidwa bwanji. Ana amene ali mu Sitandade 4 ndi 5 lero ndiwo adzakhale makolo, mafumu, antchito ndi akatswiri pamene mafunsowa akuyankhidwa. Munthu wosadziwa kusiyana kwa dothi lapamwamba ndi lapansi sangathe kuweruza ngati munda wake wabwezedwa bwino, ndipo wosadziwa ntchito ya mchenga wa m'munda mwake sangadziwe chimene akupereka.

Zimene mbiriyi iphunzitsa mphunzitsi

Choyamba, phunziro liyambire panja. Mphunzitsi atume ana kuti abwere ndi dothi la kumunda, la kudambo, la pachulu ndi la kumtsinje, ndiponso miyala ya mitundu yosiyana, ndipo ana atchule maina ake m'chinenero chawo asanamve a m'buku. Mwana wodziwa kale katondo, makande ndi lubwe ali ndi maziko, ndipo mawu atsopano amangidwe pamenepo.

Chachiwiri, ana ayese okha monga ankayesera oumba. Anyowetse dothi lililonse nalipote m'manja, aone lopindika ndi loduka. Athire dothi m'botolo la madzi, alikhutchumule, nalisiye: mchenga udzatsika msanga, dothi losalala pambuyo pake, ndipo dongo lidzachedwetsa madzi kuyera kufikira mawa. Aboole zitini zitatu, aikemo mchenga, katondo ndi makande, athiremo madzi ofanana, nawerenge nthawi imene madziwo atenge kuti adonthe. Akande miyala ndi chikhadabo ndi msomali kuti aisanje kuyambira wofewa kufikira wolimba. Pa kuyesa kulikonse mphunzitsi afunse funso limodzi lomwelo, lakuti chinthu ichi chiyenera ntchito yanji, ndipo chifukwa chake n'chiyani.

Chachitatu, mphunzitsi asadziyese yekha wodziwa. Mayi woumba, woumba njerwa, wokumba zitsime ndi wosula aitanidwe mwaulemu kudzera kwa mfumu ndi komiti ya sukulu, apatsidwe mpando, ndipo ana awafunse. Ng'anjo zinazima chifukwa panalibe wolandira nzeru zake. Sukulu isalole kuti mtapo uzime mwa njira yomweyo.

Chachinayi, ana ayende m'kalasi mwawo momwemo natchule kumene chinthu chilichonse chinachokera: njerwa ku dongo, simenti ku mwala wa laimu, galasi la pazenera ku mchenga, malata ndi misomali ku mwala wa chitsulo, pensulo ku graphite ndi dongo. Akatero aphunzirenso mtengo wa kutenga zinthu zimenezi, poona dzenje la njerwa ndi gombe logumuka, ndipo achenjezedwe kuti maenje a mchenga amagumukira anthu ndi kuti maenje a madzi amamiza ana ndi kuswetsa udzudzu. Mapale akale ndi zotsalira za ng'anjo zikapezeka m'munda, ana aziona nalembe malo ake, koma asakumbe, pakuti lamulo limateteza zinthu zakale, ndipo oyang'anira zakale a Boma ndiwo ayenera kudziwitsidwa.

Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Mtsikana wa ku mtapo ndi mnyamata wa ku ng'anjo anadziwa nthaka yawo chifukwa anaigwira ali aang'ono, pamaso pa munthu woidziwa ndi woilemekeza. Lero udindo umenewo wagwera mphunzitsi wa pulayimale. Iye akapita ku Mpingu, ku Nsaru, ku Kabudula kapena ku Nambuma, mwina adzapeza mabuku ochepa ndi ana ochuluka, koma zipangizo za phunziro ili adzazipeza zokwanira, chifukwa ana omwewo amabwera nazo kumapazi m'mawa uliwonse.